Munda wa zomera wa ku Zomba: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kukaona

Anthu a mu Zomba amangoti "ku Botanic". Ambiri amadziwako chifukwa cha zithunzi za ukwati kapena chifukwa anakawerengerako mayeso atayandikira, koma ndi ochepa amene anaimapo pansi pa mtengo n'kufunsa dzina lake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alendo, aphunzitsi ndi makolo.

Mundawu uli pati, ndipo ndingafikeko bwanji?

Uli m'munsi mwenimweni mwa phiri la Zomba, kumtunda kwa tauni, m'dera la maofesi akale a boma, pafupi ndi nyumba yakale ya malamulo ndi hotela ya Masongola. Mtsinje wa Mulunguzi, womwe umatsika kuchokera pamwamba pa phiri, umadutsa momwemo. Kuchokera ku Blantyre kapena ku Liwonde mumatsata msewu wa M3 mpaka m'tauni. Mukatsika pa depoti, wapansi mukhoza kufika, koma dziwani kuti ndi chitunda chokhachokha. Ngati muli ndi agogo kapena ana aang'ono, kwerani takisi kapena njinga yamoto ya kabaza. Aliyense wa kabaza amakudziwa ku Botanic.

Anauyambitsa ndani, ndipo ankafunanji?

Unayamba mu 1891, chaka chomwe dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain ndipo Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anasankha Zomba kukhala likulu. Johnston anabwera ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera ndi zinyama wochokera ku Scotland, yemwe anali atakhalapo zaka zambiri ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka. Whyte ndiye anatsegula munda pafupi ndi nyumba ya bwanamkubwa. Nyumbayo, yomwe lero ndi Masongola, inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan, mlimi yemwe anabwera ndi amishoni a ku Blantyre ndipo kenako anadzatsegula minda ya khofi m'mbali mwa Mulunguzi.

Cholinga chawo sichinali choti anthu a kwa Chikowi kapena kwa Malemia azikapumirako. Atsamunda ankafuna kudziwa mbewu ndi mitengo yakunja imene ingachite bwino pa nthaka ino n'kubweretsa ndalama, choncho mundawu unali poyeserera. Mbewu zinkabwera pa sitima kuchokera kumaiko ena, ndipo zomera zathu zinkaumitsidwa n'kutumizidwa ku London, makamaka ku munda waukulu wa Kew, kuti akazilembe m'mabuku. Kachitidwe kameneka kanali ponseponse nthawi imeneyo. Ngakhale khofi woyamba m'dziko muno anafika ku Blantyre mu 1878 kuchokera m'munda wa zomera wa ku Edinburgh. Whyte yemweyo atachoka kuno anakatsegula munda wina ku Entebbe m'dziko la Uganda mu 1898.

Mabuku amatchula azungu okhaokha, koma amene anakumba maenje, kusenza madzi, kukwera phiri ndi mitolo ya masamba, ndi kuuza Whyte kuti uwu ndi mtengo wakuti ndipo umachiza chakuti, anali anthu akuno. Mukamayenda pansi pa mitengo ikuluikulu ija, muziwakumbukira iwonso.

Nanga lero ukuyang'aniridwa ndi ndani?

Ndi bungwe la boma la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987. Likulu lake lili mu Zomba momwemo. Bungweli lili ndi minda itatu: wa ku Zomba, wa ku Lilongwe ndi wa ku Mzuzu. Wa ku Zomba ndiye wakale koposa, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 50. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu nawo anasiya kukumana ku Zomba cha m'ma 1994, koma munda sunasamuke.

Mitengo tili nayo kumudzi. N'kulipiriranji kukaona mitengo?

Funso ili ndi limene ndimalikonda, chifukwa yankho lake limapweteka. Kodi mitengo tili nayodi kumudzi? Yendani kuchokera ku Thondwe kukafika ku Jali, kapena kuchokera ku Songani kulowera ku Domasi, muziwerenga zimene mukuona m'mbali mwa msewu. Ndi mango, bulugamu, malayina, kesha, nimu apo ndi apo, ndipo yonseyi ndi yobwera. Mitengo yachilengedwe yatsala kumanda ndi m'mapiri mokha, ndiponso m'mapirimo makala akuimaliza. Mwana wobadwira ku Chinamwali kapena ku Matawale akhoza kufika Folomu 4 akudziwa mbawa ngati thabwa la chitseko basi, osadziwa kuti ndi mtengo umene umatha kutalika kupitirira mamita 40, wa thunthu loti anthu atatu sangalikumbatire, wobala zipatso zolimba zomwe zimang'ambika n'kumwaza njere zamapiko.

Kumudzi mtengo saulola kukalamba. Ukangofika poti n'kutuluka mtanda kapena thumba la makala, nkhwangwa yafika. Sindikuweruza munthu amene alibe pena popezera mchere ndi sopo, koma zotsatira zake n'zakuti taiwala msinkhu weniweni wa mitengo yathu. M'munda uno muli mitengo imene yakhala zaka zoposa 100 osadulidwa. Mlimi amene akuganiza zobzala mbawa m'mbali mwa dimba lake akaona wina wokhwima amadziwa chimene akubzalira adzukulu ake, amadziwanso kutalikirana koyenera, chifukwa amaona ndi maso ake kukula kwa mthunzi ndi mizu.

Munda umene unayamba ngati poyeserera mbewu za alendo lero phindu lake lalikulu lagona pa zomera zathu zomwe. Akatswiri amati m'Malawi muli mitundu ya zomera pakati pa 5,000 ndi 6,000. Palibe munda umene ungasunge yonseyo, koma malo amene mungapeze mitundu yambirimbiri pamodzi, ina ili ndi mayina ake pathunthu, ndi osowa kwambiri m'dziko muno.

Ndikalowa ndiyambire pati, ndipo ndiziyang'ana chiyani?

Yambirani kumtsinje. M'mbali mwa Mulunguzi ndi momwe muli mthunzi wandiweyani, miyala ikuluikulu yoterera ndi mitengo yokonda madzi. Mbawa muizindikira ndi thunthu lake lowongoka lopanda nthambi mpaka kumwamba, ndi masamba ake anthete ofiirira. Yang'ananinso mitengo ya mtundu wa mkuyu ndi kachere. Kachere wina amamera pamwamba pa mtengo unzake, njere itasiyidwa ndi mbalame, kenako amatsitsa mizu pansi n'kuukulunga mtengowo mpaka kuupha. Ana akasonyezedwa zimenezi sachoka msanga.

Pali magulu a nsungwi zazitali, zina zonenepa kuposa zomwe timalukira madengu ndi malichero. Pakawomba mphepo zimalira mokhulana. Pali mitengo ya m'gulu la kanjedza, yathu ndi yobwera, komanso mapaini ndi mitengo ina yakunja ya nthawi ya atsamunda.

Zomera zing'onozing'ono ndi zimene anthu ambiri amazipitirira. M'malo achinyontho muli ma fern, zomera zosachita maluwa kapena njere, zomwe zimaberekana ndi fumbi lokhala kunsi kwa tsamba. Tembenuzani tsamba limodzi osalithyola, muona timadontho tabulauni tondandalikana bwino. M'malo owuma ndi amiyala muli ma aloe ndi zomera zina za masamba onenepa osunga madzi. Funsaninso za ma orchid. Malawi ali ndi mitundu yoposa 400 ya maluwa amenewa, ndipo yambiri ili ku Nyika, ku Mulanje ndi pa phiri la Zomba. Ena amamera pansi, ena amakhala pa nthambi za mitengo osayamwa kanthu kwa mtengowo. Amene anadyapo chinaka, chomwe ena amati chikande, anadya timizu ta ma orchid a pansi, ndipo kukumba kopitirira muyeso kwachepetsa mitundu ina m'madambo a kumpoto.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wothamanga amauzungulira mundawu mu ola limodzi n'kutuluka akuti munalibe kanthu. Patulani m'mawa wonse. Ngati n'kotheka tengani munthu wachikulire wodziwa tchire, agogo kapena amalume anu, chifukwa iwo adzakuuzani zimene chikwangwani sichinena: mtengo wa mipini, wa mitondo, wa luzi, wosayenera kusonkhera moto m'nyumba. Pemphaninso pa geti ngati pali wogwira ntchito amene angayende nanu.

Ndimamva za mkungudza wa ku Mulanje. Ukukhudzana bwanji ndi Zomba?

M'njira ziwiri. Whyte anakwera phiri la Mulanje mu 1891 n'kutenga nthambi za mtengowu, ndipo akatswiri a ku London anautcha Widdringtonia whytei pomulemekeza. Mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse lapansi. Thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichiligwira, ndiye chifukwa chake anthu analilimbirana mpaka kuutha. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonse la Mulanje.

Njira yachiwiri ndi yakuti kalelo a zankhalango anabzala mkungudzawu pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo mitengo imeneyo ndi ina mwa imene ikupereka njere zobzalanso ku Mulanje lero. Apa ndi pomwe pamaonekera ntchito yosunga chomera kutali ndi kwawo. Ukakhala kuti sunabzalidwe kwina, bwenzi njere zikusowa kozitenga. Mtengowu umakonda malo okwera ndi ozizira, choncho wofuna kuuona wokula bwino akwere phiri ndi munthu wodziwa pomwe uli.

N'chifukwa chiyani zikwangwani zili ndi mayina ovuta kutchula?

Chifukwa mtengo umodzi umakhala ndi mayina angapo. Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Mtumbuka akhoza kuutchula mosiyana, ndipo nthawi zina dzina limodzi limagwira mitengo iwiri yosiyana. Dzina la Chilatini ndi limodzi padziko lonse. Liwu loyamba ndi la banja laling'ono la chomeracho, lachiwiri ndi lake lenileni. Mbawa ndi Khaya anthotheca, mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, msuku ndi Uapaca kirkiana, mvunguti ndi Kigelia africana. Jambulani chikwangwanicho pa foni pamodzi ndi tsamba ndi khungwa, mukafufuze bwino kunyumba. Mitengo ina zikwangwani zinagwa kapena kufufutika, ndipo ndi chinthu chimene ndikanakonda chitakonzedwa msanga, pakuti popanda dzina mlendo amangoona nkhalango.

Herbarium ndi chiyani, ndipo munthu wamba angalowemo?

Ndi nyumba yosungiramo zomera zouma, ndipo ili kufupi ndi mundawu. Wofufuza akapita kutchire amadula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, amakapanikiza pakati pa mapepala ndi matabwa mpaka kaume, kenako amakamata pa pepala lolimba. Pa pepalapo amalemba dzina la wotola, tsiku, malo, mtundu wa nthaka, maonekedwe a duwa lisanaume, ndipo nthawi zambiri dzina la m'deralo ndi ntchito yake. Mapepalawa amasanjidwa m'makabati motsata mabanja a zomera ndipo amatetezedwa ku tizilombo ndi chinyontho. Akasamalidwa bwino amakhala zaka mazana.

Phindu lake ndi lalikulu kuposa momwe likuonekera. Pepala lolembedwa zaka 70 zapitazo limachitira umboni kuti pa phiri lakuti panali mtengo wakuti, ngakhale lero pali chimanga chokhachokha. Wofuna kubwezeretsa nkhalango amayambira pamenepo kuti adziwe choyenera kubzala. Ophunzira a ku Chanco, ofufuza za mankhwala azitsamba ndi a ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM, omwenso ali mu Zomba, onse amadalira makabati amenewa.

Si malo ongolowa ngati mumsika. Konzani ulendo wanu ndi a ofesi pasadakhale, makamaka ngati ndinu gulu. Ngati muli ndi chomera chimene mukufuna akuuzeni dzina, musatenge tsamba limodzi kapena muzu wokha. Tengani kanthambi kathunthu kokhala ndi duwa kapena chipatso, ndipo mukumbukire pomwe munakatenga.

Nyengo yabwino yopitako ndi iti?

Zimatengera chimene mukufuna. Kuyambira Disembala mpaka Malichi munda umabiriwira, ma fern ndi ma orchid a pansi amakhala pachimake, bowa amatuluka, koma njira zimaterera ndipo mvula ya mu Zomba sichenjeza. Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi imene ndingasankhire mlendo: mvula yatha, msipu ukadali wobiriwira, mtsinje uli ndi madzi oyera. Juni ndi Julayi kumazizira, nthawi zina kumagwa chiperoni tsiku lonse, koma ndi nthawi imene ma aloe ambiri amachita maluwa ofiira ndipo timbalame ta choso timadzaza pamenepo. Mu Sepitembala ndi Okutobala jakaranda amachita maluwa m'misewu ya tauni, mitengo yachilengedwe imaphuka masamba atsopano ofiirira, ndipo mthunzi wa ku Mulunguzi umakoma kwambiri chifukwa kunja kumakhala kukuwotcha.

Okonda mbalame alawirire. Zomba imadziwika kwa akatswiri a mbalame chifukwa cha kambalame kosowa kotchedwa White-winged Apalis, komwe kamakhala pamwamba pa mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje.

Pamalipiridwa? Nanga nditenge chiyani?

Pa geti pamakhala kandalama kolowera. Tengani ndalama ya m'manja ndipo mulandire lisiti. Ngati mukubwera ndi gulu, kudzajambula ukwati kapena kudzachita mwambo uliwonse, kambiranani ndi a ofesi tsiku lisanafike. Valani nsapato zogwira pansi, tengani madzi akumwa, chitenje choyala, ambulera nthawi ya dzinja, ndi jumbo yoikamo zinyalala zanu.

Kuli nyama zoopsa?

Anyani ndi apusi amatsika m'phiri kawirikawiri. Saopsa ngati simuwaputa, koma chakudya amalanda. Musawapatse kanthu, chifukwa nyani wozolowera kupatsidwa ndi amene mawa amatsomphola mwana nthochi m'manja. Njoka zilipo monga m'tchire lililonse. Yendani m'njira, musapise dzanja m'mphako kapena pansi pa miyala. Kumalo obisika a kumtunda ndi bwino kuyenda awiri kapena atatu, ndipo tulukani kusanade.

Ndingatengeko khungwa, muzu kapena kambewu kokabzala kwathu?

Ayi. Ndipo pa khungwa ndiyankhule motsindika. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Mukasenda kuzungulira thunthu lonse mwadula njira imeneyo, mizu imafa ndi njala, ndipo mtengo wa zaka 100 umauma m'nyengo imodzi kapena ziwiri. Ngakhale kusenda mbali imodzi kumatsegulira khomo chiswe ndi matenda. Wina amati ndangotenga kachidutswa, osadziwa kuti dzulo kunabwera wina, mawa kubweranso wina. Kulemba mayina ndi mpeni pa nsungwi ndi pa mitengo ndi chimodzimodzi.

Mankhwala azitsamba si chinthu chonyozeka, ndipo kulemba nzeru za asing'anga ndi gawo la ntchito ya bungwe loyang'anira mundawu. Koma mitengo ya muno inasungidwa kuti ibale njere ndi kuphunzitsa. Palinso ngozi: mitengo ina imafanana, ndipo m'mbali mwa mitsinje ya dziko lino mumamera mwabvi, womwe khungwa lake ndi poizoni wakupha. Ana muwaletse kulawa zipatso kapena njere zimene sakuzidziwa.

Ngati mukufuna mbande, funsani ku nazale ya mundawu zomwe zilipo, ndipo njere za mitengo funsani ku FRIM. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma wobzala mvula zoyamba zikangokhazikika ndi amene mitengo yake imapirira chilimwe.

Ndine mphunzitsi. Ana apindula chiyani?

Apindula ngati mwakonzekera. Kubweretsa ana 80 kuti adye mabisiketi pa kapinga n'kubwerera ndi kutaya ndalama za makolo. Agaweni m'timagulu, gulu lililonse lipeze mitengo 5, lijambule tsamba lake m'kope, liyeze thunthu ndi chingwe, lilembe dzina la pa chikwangwani. Akabwerera kwawo akafunse makolo dzina lake m'chiyankhulo chawo ndi ntchito yake. Zimene amaloweza m'kalasi za mitundu ya masamba, kumwazika kwa njere ndi kukokoloka kwa nthaka, zonse zili pomwepo poti n'kuloza ndi chala.

Tingasambe kapena kumwa madzi a mu Mulunguzi?

Kumwa ayi. Kuviika mapazi pamalo osaya nthawi ya chilimwe palibe vuto, koma miyala yake ndi yoterera, ndipo nthawi ya dzinja mtsinjewu umadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa pamwamba pa phiri, ngakhale kumunsi kuli dzuwa. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri.

Mtsinjewu ndi womwewo umene damu lake lili pamwamba pa phiri, lomwe limamwetsa mzinda wonse wa Zomba. Ukadutsa m'tauni umathira mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Botolo kapena jumbo yotayidwa ku Botanic imakathera m'madimba a mpunga ndi m'maukonde a asodzi a ku Kachulu.

Kodi zomera zobwera zonse ndi zabwino?

Ayi. Chimanga, chinangwa, mbatata ndi mango ndi zobwera ndipo zikutidyetsa. Koma zina zikafika zimalanda malo. Namasupuni, yemwe kwawo ndi ku South America, amatseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina a magetsi. Pa phiri la Zomba, timabulosi tachikasu tomwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wopita ku hotela ya Ku Chawe ndi tokoma, koma chitsamba chake chaminga chinachokera ku Asia ndipo chimatsamwitsa mitengo ing'onoing'ono yachilengedwe. Paini wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, anabzalidwa chifukwa cha matabwa, koma amadzimerera yekha m'malo a udzu momwe mumayenera kukhala maluwa a m'phiri. Musanabzale duwa lachilendo limene mwapatsidwa, makamaka la m'madzi, funsani kaye odziwa.

Ndingaphatikize ndi ulendo wa pamwamba pa phiri tsiku lomwelo?

N'zotheka ngati muli ndi galimoto: m'mawa ku munda, masana kuphiri. Msewu wa tala umakwera mokhotakhota mpaka ku hotela ya Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi. Kupitirira apo misewu ndi yafumbi ndipo nthawi ya mvula imafuna galimoto yamphamvu. Nsonga ya Malumbe ndi yokwera kupitirira mamita 2,000. Kuli mathithi a Williams ndi a Mandala, dzenje la Chingwe, ndi Emperor's View pomwe anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kuchokera pamenepo nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka kukakhala kopanda nkhungu. Oyenda wapansi apatule tsiku lina lapadera, anyamuke m'mamawa, atenge juzi ngakhale kumunsi kukutentha, ndipo alembe mmodzi mwa anyamata operekeza alendo omwe amapezeka pafupi ndi hotela.